Kukaphunzira ku Johns Hopkins: koyambira, za ndalama, za chipatala ndi moyo wa ku Baltimore

Dzina la Johns Hopkins si lachilendo kwa munthu amene anagwirapo ntchito pa Queens ku Blantyre. Kwa zaka zoposa 30 ofufuza a yunivesiteyi akhala akugwira ntchito limodzi ndi College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, makamaka pa nkhani yoteteza makanda kuti asatengere HIV kwa amayi awo. Kwawo kwenikweni kwa yunivesiteyi ndi ku Baltimore, m'chigawo cha Maryland ku America. Si ya boma. Inatsegulidwa mu 1876 ndi chuma chimene anasiya wamalonda wa dzina lomwelo, madola 7 miliyoni, theka la yunivesite, theka la chipatala. Chipatalacho chinayamba kulandira odwala mu 1889, sukulu ya udokotala inatsegulidwa mu 1893, ndipo ya zaumoyo wa anthu inakhazikitsidwa mu 1916.

Malangizo awa ndi a inu amene muli ndi digiri yoyamba, kaya ndinu namwino, dokotala, wa mu labotale kapena wosamala ziwerengero, ndipo mukufuna master's kapena PhD. Chachikulu choti mugwire ndi ichi: malo amenewa amayendera kafukufuku, choncho khomo lake limatsegukira munthu amene ntchito yake ikuoneka komanso ali ndi omuchitira umboni. Magiredi abwino aliyense wofunsira malo ali nawo.

Sankhani sukulu yeniyeni

Munthu akamati "ndikufuna kupita ku Hopkins" amakhala sananene kanthu. Yunivesiteyi ili ndi masukulu angapo, malo osiyana, ndipo iliyonse ili ndi ofesi yake yolandira ophunzira, masiku ake otsekera mafomu komanso fizi yake. Ku Homewood, kumpoto kwa mzinda, kuli Krieger ya sayansi ndi maphunziro a chikhalidwe ndi Whiting ya uinjiniya. Ku East Baltimore, mozungulira chipatala, kuli sukulu ya udokotala, ya unamwino ndi Bloomberg School of Public Health, ya zaumoyo wa anthu. Ya nyimbo, Peabody, ili ku Mount Vernon, pomwe SAIS, ya ubale wa mayiko, ili ku Washington.

Ambiri a kwathu amayang'ana ku Bloomberg. Kumeneko MPH (master's ya zaumoyo wa anthu) ya okhala pasukulu imatenga miyezi 11 ndipo imafuna kuti mukhale mutagwira kale ntchito ya zaumoyo zaka 2 mutalandira digiri, kapena mukhale ndi digiri ya udokotala. Palinso ma master's ena, MSPH ndi MHS, zomwe zimakhala pansi pa dipatimenti imodzi, monga ya Epidemiology kapena ya International Health, ndipo zimalandira ngakhale amene sanagwire ntchito nthawi yaitali. PhD ndi ya ofuna moyo wa kafukufuku. DrPH, digiri ya msinkhu wa PhD, ndi ya amene akutsogolera kale mapulogalamu ndipo ambiri amaiphunzira ali pantchito.

Uthenga uja unkazungulira pa WhatsApp woti udokotala ku Hopkins ndi waulere usakusokonezeni. Zoona zake ndi zakuti mu 2024 Michael Bloomberg anapereka madola 1 biliyoni, ndipo ophunzira MD, digiri ya udokotala ya kumeneko, ochokera m'mabanja opeza ndalama zosakwana madola 300,000 pachaka salipira fizi. Koma MD ku America ndi digiri yachiwiri, ndipo kulowamo uli ndi mapepala a kunja okha n'kovuta kwambiri. Ngati muli kale ndi MBBS, simukuifuna n'komwe.

Funsani za visa musanawononge ndalama

Apa musadumphe. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa anthu a ku Malawi ndi Zambia ofuna visa ya alendo. Mu Disembala chaka chomwecho Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anaikidwa pa mndandanda wa mayiko amene ma visa awo, kuphatikizapo a ophunzira, anaimitsidwa. Malamulo otere amasintha ndi kalata imodzi ya pulezidenti, choncho musanalipire fomu iliyonse onani zimene ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kapena ku Lusaka ikunena sabata imeneyo, ndipo lemberani Office of International Services ya yunivesiteyi kuwafunsa mmene zilili kwa munthu wa pasipoti yanu. Funsaninso dipatimenti ngati ingakusungireni malo chaka chimodzi visa ikakanika.

Khomo likakhala lotseka, MPH yomweyo ilipo ya pa intaneti, yophunzira pang'onopang'ono muli pantchito. Imafuna intaneti yodalirika ndi kupirira, chifukwa Malawi ali patsogolo pa Baltimore ndi maola 6, ndipo kumeneko kukazizira amakhala 7. Kalasi ya madzulo kwa iwo imakupezani pakati pa usiku. Konzekeranitu za magetsi.

Pangani mbiri ya kafukufuku muli kwanu

Gawo ili ndi limene ambiri amalithamangira, pomwe ndi limene limasiyanitsa olandiridwa ndi okanidwa. Kwa zaka zoposa 40 motsatizana Hopkins yakhala ikuwononga ndalama zambiri pa kafukufuku kuposa yunivesite ina iliyonse ku America, panopa madola oposa 3 biliyoni pachaka. Aphunzitsi ake ambiri malipiro awo amadalira ndalama za kafukufuku zimene apeza okha. Choncho pulofesa akamawerenga fomu yanu, funso lake limakhala lakuti munthu uyu ndingamupatse deta n'kundibweretsera chinthu chomveka?

Mwayi wanu ndi wakuti kafukufuku wina wotchuka anachitikira pakhomo panu. Kafukufuku wa PEPI, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008, anachitikira ku Blantyre, ndipo anasonyeza kuti kupatsa makanda nevirapine mpaka masabata 14 kumachepetsa pafupifupi ndi theka kufala kwa HIV kudzera mu mkaka wa m'mawere. HPTN 052, amene mu 2011 anapeza kuti kuyamba msanga ma ARV kumachepetsa ndi 96 peresenti mpata wopatsira mnzako kachilomboka, anali ndi malo ofufuzira ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ku Zambia, ofufuza malungo a Hopkins akhala akugwira ntchito ku Macha, m'chigawo chakumwera. Wofunsira malo wa ku Ohio zimenezi amangoziwerenga. Inu mwina mayi amene ankalowetsa mwana wake mu kafukufukuyo mumakwera naye minibasi ya ku Ndirande.

Ndiye chitani izi. Pezani ntchito, ngakhale yaing'ono, pa malo ofufuzira: Johns Hopkins Research Project ku Blantyre, Malawi-Liverpool-Wellcome, UNC Project ku Lilongwe, kapena CIDRZ ku Lusaka. Mukalowamo musakhale munthu wongodzaza mafomu. Pemphani kuti muzikhala nawo pa misonkhano yoona deta, ndipo funsani wamkulu wa kafukufukuyo ngati pali funso laling'ono limene palibe akulilondola, mulitenge, mulembe kachidule koti mukakafotokoze pa msonkhano wa ofufuza. Dzina lanu likaoneka pa pepala limodzi lofalitsidwa, ngakhale lili lachisanu pa mndandanda, fomu yanu yasintha kale. Amene muli ku chipatala cha boma kutali ndi malo amenewa musataye mtima: marejista a ku maternity kapena a TB ali ndi mafunso ambiri osayankhidwa, bola mutsate chilolezo.

Phunziraninso R kapena Stata, mapulogalamu a pa kompyuta osanthulira deta. Aphunzitsi a Hopkins ali ndi maphunziro a R ndi a ziwerengero pa tsamba la intaneti la Coursera, ndipo mungapemphe thandizo la ndalama pa tsamba lomwelo. Munthu wofika ku Baltimore asanatsegulepo pulogalamu yotere amavutika kwambiri teremu yoyamba.

Kenako lemberani mphunzitsi amene ntchito yake ikufanana ndi yanu, makamaka ngati mukufuna PhD. Kalatayo ikhale yaifupi, yoti awerenge pa foni ali mu chikepe. Musayambe ndi mbiri ya umphawi wa kwanu kapena malonje a ndime ziwiri. Tchulani pepala lake limodzi limene mwawerenga, nenani zimene mukuona pa chipatala chanu zogwirizana kapena zotsutsana nalo, nenani deta imene mungathe kuipeza, ndipo funsani ngati akulandira ophunzira chaka chimenecho. Funsaninso mosachita manyazi ngati ndalama za kafukufuku wake zilipo. Mu Malichi 2025, thandizo la USAID litadulidwa, yunivesiteyi inalengeza kuti ichotsa ntchito anthu oposa 2,000, ambiri a iwo kunja kwa America, kuphatikizapo a Jhpiego, bungwe lake la zaumoyo. Funso la ndalamali palibe angalione ngati mwano. Akapanda kuyankha, dikirani masabata awiri, mukumbutse kamodzi, kenako pitani kwa wina.

Mapepala

Yambani chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Mafomu a ku Bloomberg amadzera pa tsamba la intaneti la SOPHAS, ndipo ambiri amatsekedwa cha mu Disembala. Mapepala a magiredi ochokera kunja amayamba adzera ku bungwe lotchedwa WES kuti awayerekeze ndi a ku America. A WES amafuna kuti yunivesite yanu iwatumizire yokha, osati inu, ndiye pitani ku ofesi ya rejisitala msanga ndipo muzikalondola, chifukwa apa ndi pamene miyezi imathera. Onani pa tsamba la pulogalamu yanu ngati ikufuna mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS, kapena mayeso a GRE, kwa munthu wophunzira m'dziko lanu.

Makalata okuchitirani umboni amakhala atatu. Sankhani anthu amene anakuonani mukugwira ntchito. Kalata ya sisitala wamkulu yofotokoza mmene munakonzera rejista ya ana obadwa masiku asanakwane imaposa ya bwana wa ku unduna amene sakukumbukani nkhope. Apatseni mwezi wathunthu, ndipo atumizireni CV yanu ndi zimene mukufuna kukaphunzira. Pa kalata yanu ya cholinga, lembani vuto limodzi limene mwaliona ndi maso, chimene chikukusowani kuti mulithetse, ndi kalasi kapena mphunzitsi wa ku Hopkins amene ali nacho.

Ndalama

Fizi ya MPH yokha imaposa madola 70,000, osawerengera nyumba, chakudya ndi inshuwalansi. Sukulu imapereka thandizo kwa ena, koma nthawi zambiri silikwanira zonse. Ophunzira PhD amalipiriridwa fizi ndipo amalandira ndalama zokhalira mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake malo ake amakhala ochepa. Thandizo la maphunziro la boma la America lotchedwa Fulbright limadzera ku ofesi ya kazembe, ndipo alangizi a EducationUSA amathandiza osalipiritsa. Wina aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo ndi wakuba.

Mukalandiridwa, sukulu sikupatsani fomu ya I-20, yofunika pofunsira visa ya ophunzira, mpaka mutasonyeza kuti ndalama za chaka choyamba zilipo. Ndi I-20 imeneyo mumalipira madola 350 a SEVIS (kaundula wa boma wa ophunzira ochokera kunja), kudzaza fomu ya visa ya DS-160, kulipira madola 185 a visa, kenako n'kupita kukafunsidwa mafunso. Simungalowe m'dzikolo masiku oposa 30 maphunziro asanayambe. Musawerengere ganyu: visa ya ophunzira ya F-1 imalola ntchito ya pasukulu yokha, maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya makalasi, ndipo kugwira ntchito yamseri kungakuthetsereni visa.

Za thupi lanu musananyamuke

Sukulu idzakutumizirani fomu ya katemera, ndipo osaidzaza amatha kuletsedwa kulembetsa makalasi. Fufuzani kabuku kanu ka kusikelo ngati makolo anakasunga. Ambiri a ife tinabayidwa wa chikuku, koma iwo amafuna MMR, amene amatetezanso ku matsagwidi ndi rubella, kawiri, motalikirana masiku 28. Ngati umboni palibe, amakuyezani magazi kapena kukubayani mwatsopano. Okagwira odwala amafunikanso wa hepatitis B, komanso wa chimfine amene amabayidwa chaka chilichonse.

Adzakuyezaninso TB chifukwa cha kumene mukuchokera. Kachipsera ka BCG kali pamkono wanuko kali ndi nkhani: katemerayu amatha kuchititsa kuti kuyeza kwa pakhungu kuonetse ngati muli ndi TB pomwe mulibe. Pemphani kuyeza kwa magazi kotchedwa IGRA, komwe BCG sakusokoneza. Kukaonetsa kuti kachilombo kalimo, amajambula pachifuwa, ndipo mapapo akakhala bwino angakupatseni mankhwala oteteza. Zimenezi sizichotsetsa munthu sukulu.

Mano ndi magalasi konzerani kwanu, kumeneko n'zodula. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP kapena ma ARV, tengani okwanira miyezi ingapo m'mabotolo ake enieni, ndi kalata ya dokotala yotchula dzina lenileni la mankhwalawo. Lamulo loletsa anthu amene ali ndi HIV kulowa ku America linathetsedwa mu 2010.

Kudwala ku Baltimore

Chodabwitsa ndi chakuti mungakhale mukuphunzira moyang'anizana ndi chipatala chotchuka dziko lonse, kumene Alfred Blalock, Helen Taussig ndi Vivien Thomas anayambitsa mu 1944 opaleshoni yopulumutsa ana obadwa ndi vuto la mtima, koma osatha kungolowa n'kukhala pa benchi kudikira dokotala. Chilichonse chimadzera mu inshuwalansi, ndipo wophunzira aliyense ayenera kukhala nayo. Mawu atatu muwadziwe. Deductible ndi ndalama zimene mumayamba mwalipira nokha pachaka inshuwalansi isanayambe kuthandiza. Copay ndi kandalama kokhazikika kamene mumapereka ulendo uliwonse kapena pa mankhwala. In-network ndi madokotala ndi zipatala zimene zinagwirizana ndi kampani yanu. Mukapita kwa ena bilu imakula. Khadi la inshuwalansi lizikhala m'chikwama, ndipo ngati mwabwera ndi banja, funsani mtengo wowonjezerapo mkazi kapena mwamuna ndi ana musanagule matikiti a ndege.

Mukamva kuphwanya m'thupi, chifuwa kapena kutsegula m'mimba, yambani ku chipatala cha ophunzira. Chilipo ku Homewood ndi ku East Baltimore. Kukakhala kotseka, pali zipatala zazing'ono zotchedwa urgent care. Ku emergency ndi kwa zoopsa zenizeni, ndipo ambulansi ya 911 imalipiritsa. Koma mukamva kupweteka pamtima, kubanika kapena magazi akakana kuleka, pitani osaganiza za bilu; lamulo la kumeneko silimalola kuti akubwezeni pa ngozi chifukwa chosowa ndalama.

Malungo ndi amene ndimawaopa kwambiri. Mukatentha thupi m'masabata kapena miyezi yoyamba mutafika, kapena mutabwera kuchokera ku tchuthi, nenani poyambirira penipeni kuti mwachokera ku dziko la malungo ndipo mukufuna kuyezedwa tsiku lomwelo. Dokotala wa kumeneko amatha chaka osaona wodwala malungo, ndiye maganizo ake amathamangira ku chimfine. LA simungamugule pa kauntala, ngakhalenso amoxicillin, popanda kalata ya dokotala.

Mu Disembala kunja kumada isanakwane 5 koloko madzulo, kuzizira kumafika pa madigiri 0 ndi kutsikirapo, ndipo anthu amene munazolowera kucheza nawo amakhala atagona inu mukamaweruka. Ambiri amagwa mphwayi nthawi imeneyi n'kumadziona ngati aulesi. Sukulu ili ndi alangizi a za maganizo, ndipo zimene mwakambirana sizipita kwa aphunzitsi. Zikafika poipa usiku, nambala ya foni ya 988, yothandiza opanikizika maganizo, imayankhidwa nthawi iliyonse.

M'kalasi

Ku Bloomberg teremu ndi ya masabata 8 okha. Sabata yachinayi mayeso apakati afika kale. Chizolowezi chathu chodikira kuti tidzawerenga mayeso akayandikira sichigwira. Tsiku loyamba werengani ndondomeko ya kalasi iliyonse, lembani masiku onse operekera ntchito pa kalendala imodzi, ndipo musatenge makalasi ochuluka teremu yoyamba chifukwa choti mndandanda wake ndi wokoma.

Mphunzitsi aliyense amakhala ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira ophunzira. Pitani. Kwa ife kugogoda pa chitseko cha pulofesa kumaoneka ngati kudzikweza, koma kwa iwo wosabwera ndiye kuti zonse akumva. Ntchito zambiri za kafukufuku zimapezeka pa macheza a mphindi 15 amenewa. Yambani ndi "Dr." kapena "Professor", akakuuzani kuti muziwatchula dzina loyamba, teroni ngakhale lilime likukana.

Kukopera mawu a wina osatchula mwini wake ndi mlandu wochotsetsa sukulu, ngakhale chiganizo chimodzi. Mphunzitsi aliyense alinso ndi lamulo lake pa za ChatGPT ndi zinzake komanso pa kuthandizana homuweki, funsani musanachite. A ku laibulale ya Welch angakuphunzitseni kusaka mapepala ndi kusunga maumboni mwadongosolo, kwaulere.

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amadzera ku komiti ya IRB, yoteteza anthu olowa mu kafukufuku, musanafunse munthu funso ngakhale limodzi. Ku Baltimore nkhaniyi ili ndi bala lake. Mu 1951, pa chipatala chomwechi, madokotala anatenga maselo a Henrietta Lacks, mayi wachikuda amene ankadwala khansa ya khomo la chiberekero, osamupempha. Maselowo, otchedwa HeLa, akugwiritsidwabe ntchito m'malabotale padziko lonse, ndipo banja lake linadziwa patapita zaka zoposa 20. Anthu ambiri okhala mozungulira chipatalacho amakumbukirabe, ndipo mukamva ena akukayikira ofufuza mudzakumbuka mphekesera za opopa magazi za kwathu. Ngati deta yanu mukaitenga ku Malawi, mukufunika zilolezo ziwiri: cha IRB ya Hopkins ndi cha komiti ya ku Malawi, COMREC kapena National Health Sciences Research Committee. Ziwirizi zimatenga miyezi, ndiye pa digiri ya miyezi 11 n'kwanzeru kugwiritsa ntchito deta imene ilipo kale.

Pokhala, poyenda, podya

Ndege ya Ethiopian imadzera ku Addis Ababa n'kutera ku Washington Dulles. Bwalo lapafupi ndi Baltimore ndi BWI. Ophunzira ambiri a master's amachita lendi kunja kwa sukulu, ku Charles Village, ku Mount Vernon kapena kufupi ndi chipatala. Basi yaulere ya yunivesite imayenda pakati pa Homewood, Penn Station, Peabody ndi East Baltimore, choncho sakani nyumba ili pafupi ndi njira yake ndipo galimoto simudzaifuna. Mgwirizano wa lendi nthawi zambiri ndi wa miyezi 12. Musatumize dipoziti kwa munthu wa pa Facebook nyumba musanaione, ndipo funsani ngati ndalama zotenthetsera nyumba zili mu lendi momwemo.

Baltimore ili ndi madera a umbanda, ndipo msewu wabwino ndi woipa amatha kuyandikana. Usiku gwiritsani ntchito magalimoto a yunivesite operekeza ophunzira, foni ikhale m'thumba. Masana yendani, muudziwe mzindawo: Lexington Market, nkhanu zothira Old Bay, masewero a lacrosse a timu ya Blue Jays, ndi sitima ya MARC imene imakafika ku Washington mu ola limodzi.

Ufa woyera wa chimanga umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa, koma masa harina wa anthu a ku Mexico musagule, nsima yake imamveka laimu. Mthiko tengani kwanu. Zakudya zilizonse zimene mwanyamula zinenedwe pa bwalo la ndege. Nyama, zipatso zaziwisi ndi mbewu amalanda. Jekete la chisanu mukagule konko, la pa kaunjika wa ku Limbe silipirira Januwale wa ku Maryland.

Sabata yoyamba kalembetseni ku Office of International Services, tsegulani akaunti ya banki, ndipo mukapeza ntchito ya pasukulu pemphani kalata yokatengera nambala ya Social Security, yofunika kwa wolandira malipiro. Ngati mukufuna kudzagwirako ntchito mukamaliza, chilolezo chotchedwa OPT chimapereka miyezi 12, ndipo digiri zina za sayansi zimawonjezera 24. Fomu yake imatumizidwa musanamalize kapena mutangomaliza, masiku ake ndi owerengeka. Ndipo musanakwere ndege yopita kwanu, kaya ku maliro kaya kukatenga deta, onetsetsani kuti I-20 yanu yasainidwa ya ulendo, visa ya mu pasipoti sinathe, komanso a ofesiyo akutsimikizirani kuti munthu wa dziko lanu akutha kulowanso.